Maluwa amene tinatsala pang'ono kuwapha ndi chikondi

Bambo athu atamwalira mu Ogasiti 2023, anatisiyira nyumba ya zipinda zitatu, njinga yopanda mabuleki akumbuyo, ndi zomera 11 zimene pamudzi ponse panalibe wodziwa dzina lake. Ife ndife ana awo awiri, mnyamata ndi mtsikana, ndipo tonse tikuphunzira pakoleji pano. Kwathu ndi ku Thyolo, m'mphepete mwa minda ya tiyi. Tafuna tikusimbireni za zomera zimenezi, mmene tinaphera zinayi m'miyezi isanu yokha, ndi mmene zotsalazo zinapulumukira m'manja mwathu.

Bambo anagwira ntchito yosamalira maluwa panyumba ina ya pa esiteti kwa zaka zoposa 20. Kumeneko n'kumene anadziwira maluwa amene pa Chingerezi amatchedwa orchid. Iwo dzinalo analibe nalo ntchito, ankangoti "maluwa a m'mitengo". Anayi mwa maluwawo anapatsidwa ndi abwana awo popuma ntchito, ndipo anali m'miphika yadothi yoboolaboola m'mbali. Enawo ankachita kutola okha panthambi zakugwa. Sitidzaiwala Malichi 2023, namondwe wa Freddy atangodutsa. Mitengo inali itagwa paliponse, anthu ali kalikiliki kutola nkhuni ndi kukonza madenga. Bambo anachoka m'mawa n'kubwera masana atanyoweratu, atanyamula tizomera tiwiri m'chipewa. Anthu anawaseka. Ngakhale ife tinachita manyazi, poti inali nthawi ya maliro ndi njala, koma munthu wamkulu ali pa ntchito yotola zitsamba. Iwo anangoti, "Nthambi ija ikapita pamoto, awanso apita nayo limodzi."

Maluwawa anali amitundu itatu. Pamphanda ya mtengo wa jakaranda, chakumsewu, panali phata lalikulu la timapesi tooneka ngati nzimbe zazing'ono. Limeneli limachita maluwa achikasu amawangamawanga ngati chikopa cha kambuku, ndipo akatswiri amalitcha Ansellia africana. Pansi pa denga la khonde ndi panthambi ya mango panali zomera zazing'ono zisanu ndi chimodzi zomangiriridwa pazikuni, mizu yake ili lendelende pamphepo. Zimenezi ndi za mtundu wa Aerangis, umene umamera m'nkhalango za kuno kwathu komwe. Zinayi za m'miphika zija zinali za mtundu wa Cattleya, umene kwawo kwenikweni ndi ku Central America ndi South America. Maina onsewa tinawadziwa pambuyo pake. Panthawiyo tinkangodziwa kuti mitundu yonse itatu imanunkhira, uliwonse panthawi yake, ndi kuti bambo ankatha ola lathunthu ataima pamenepo, manja ali kumbuyo, osagwira kanthu.

Maliro atatha tinagwirizana kuti maluwa a bambo asafe. Mumtima tinkaona ngati akafa ndiye kuti bambo tawaika m'manda kachiwiri. Choncho tinayamba kuwasamalira ndi mphamvu zathu zonse, monga mmene tinaphunzirira kusamalira mpiru ndi chimanga kuyambira tili ana. Titasuzumira m'miphika muja tinapeza muli makala, makungwa ndi zidutswa za njerwa, dothi mulibe ndi pang'ono pomwe. Tinamva chisoni. Tinaganiza kuti matenda ndiwo anawalepheretsa bambo kukatapa dothi labwino. Tinakhuthula zonsezo n'kuikamo dothi lakuda la kuseri kwa khola, losakaniza ndi manyowa. Zomera zitatu za pazikuni tinazimasula n'kuzibzala m'zitini, mizu yonse n'kuikwirira bwinobwino kuti isamazizidwe. Phata la pajakaranda linali ndi timizu toyera tambirimbiri toloza kumwamba, todzaza ndi masamba ouma. Tinati uwu ndi uve, ndipo tinatenga sizasi n'kulimeta mpala.

Pobwerera kusukulu tinamusiyira msuweni wathu lamulo: madzi m'mawa, madzi madzulo, tsiku lililonse osadumphitsa. Mu Disembala, anthu akuthira feteleza m'chimanga, nafenso tinatapako pang'ono n'kuwaza mumphika uliwonse. Mayi ankationa tikuchita zonsezi atakhala pamkeka, osanena kanthu. Masiku amenewo sankayankhula zambiri. Ifenso sitinawafunse. Tinkati ife ndi akukoleji, ndiye maluwa angatikanike bwanji?

Pofika Januwale 2024 masamba anayamba kufota ndi kuchita makwinya. Ife poona choncho tinati ndi ludzu, n'kuwonjezera madzi, mvula ikugwanso tsiku ndi tsiku. Zomera ziwiri za Cattleya zinada kuyambira pansi n'kugwa zokha. Ziwiri za m'zitini zinathothoka masamba onse, ndipo chimodzi mwa izo chinali chija chinabwera m'chipewa cha bambo.

Mwezi womwewo kunabwera mkulu wina amene anagwira ntchito ndi bambo pa esiteti. Nthawi ya maliro anali kutali kwa mwana wawo, ndiye anadzapepesa mochedwa. Atacheza ndi mayi anapempha kuti aone maluwa a mnzawo. Anafika pakhonde n'kuima chilili kwa kanthawi.

"Ana inu, wachita izi ndani?"

"Ndife, agogo. Timafuna kuti akule bwino."

Sanayankhe. Anatenga mphika umodzi n'kuukhuthulira pansi. Dothi linatuluka lili phalaphala, likununkha ngati m'chithaphwi. Anagwira muzu umodzi ndi zala ziwiri n'kukoka pang'ono. Khungu lake linavuuka ngati sokosi yonyowa, n'kutsala kaulusi kokha.

"Mwaona? Awa sanafe ndi ludzu, achita kumira. Kodi munayamba mwaona dothi pamwamba pa mtengo?"

Tinangoyang'anizana.

"Nanga mayi anuwa munawafunsa? Bambo anu akadwala kapena akachokapo, mumati ankathirira ndani?"

Mayi anali ataima pakhomo. "Ndinkati ndinene," anatero motsitsa mawu, "koma ndinaona kuti mitima yanu ikupumira pomwepo." Akuluakulu sananame, safunsa anadya phula. Mphunzitsi tinali naye m'nyumba momwemo miyezi isanu yonse.

Madzulo a tsiku limenelo tinagwira ntchito anthu anayi. Tinazula zonse zimene tinakwirira n'kutsuka mizu ndi madzi oyera. Agogo aja anatenga lezala, n'kuliwaula pamoto wa kandulo, n'kudula mizu yonse yofewa ndi yakuda, kusiya yolimba yokha. Pochoka pachomera china kupita pa chinzake ankaliwaulanso kuti lisanyamule matenda. Zomerazo zinagona pamthunzi usiku wonse kuti mabala aume. M'mawa mayi anatulutsa thumba limene linali kuseri kwa chitseko cha kuchipinda kwawo. Munali makala oswaiswa kukula ngati mtedza wosasenda, makungwa a paini, ndi mtolo wa luzi. Bambo anali atakonzeratu zoti adzagwiritse ntchito chaka chimenecho. Zomera ziwiri za Cattleya zotsalazo zinabwerera m'miphika yake, ndipo chimodzi cha m'chitini, chimene chinatsala ndi mizu iwiri yamoyo, tinachimangiriranso pachikuni chake.

Zimene tinaphunzira kuyambira tsiku limenelo n'zosavuta, koma zimatsutsana ndi zambiri zimene mlimi wa ndiwo zamasamba anazolowera. Choyamba ndi mizu. Maluwa a m'mitengowa sayamwa kanthu mumtengo umene akhalapo. Amangougwirira kuti akhale pamwamba, pamene pali kuwala ndi mphepo. Muzu wake ndi wokutidwa ndi khungu longa siponji, limene aphunzitsi athu a sayansi ya zamoyo anatiuza kuti limatchedwa velamen. Mvula ikagwa kapena nkhungu ikadutsa, khungulo limamwa madzi msangamsanga, kenako limauma n'kulola mpweya kulowa. Mukalikwirira m'dothi lonyowa, mpweya sufika ndipo muzu umaola. Muzu ukaola chomera sichingamwenso, ndiye masamba amafota chimodzimodzi ngati a chomera cha ludzu. Apa m'pamene ambiri timagwera. Timaona kufota, timathira madzi ena, n'kumalizitsa.

Muzu womwewo ndi umene umanena nthawi yothirira. Ukauma umaoneka wotuwa ngati phulusa, ukamwa umasanduka wobiriwira. Mayi sawerenga masiku. Amayang'ana mizu, amanyamula mphika kuti amve kulemera kwake, n'kupisa chala m'makala. Akapeza chinyezi amadutsa. Tsiku lothirira amathira ambiri, mpaka madzi atulukire m'mabowo onse, ndipo amatero m'mawa kuti pofika usiku pakati pa masamba pakhale pouma, chifukwa madzi ogona pamenepo amaoletsa mtima wa chomera. Za pazikuni zimauma msanga, choncho mu Okutobala amawaza madzi pamizu yake m'mawa uliwonse. Koma nthawi ya chiperoni, mu Juni ndi Julayi, nkhungu ndi mvula yamawawa zimawagwirira ntchito, iwo n'kumangopenya. Madzi abwino koposa ndi a mvula, ndipo pakona ya nyumba pali mgolo wake wa zimenezo.

Chachiwiri ndi kuwala, ndipo mtundu uliwonse uli ndi pake. Ansellia amakonda kuwala kwambiri, n'chifukwa chake bambo anamuika pajakaranda, mtengo wa masamba ang'onoang'ono umene umayoyola m'nyengo yopanda mvula. Cattleya amafuna dzuwa la m'mawa ndi mthunzi wa masana, ndiye malo ake ndi mbali ya khonde yoyang'ana kum'mawa. Masamba ake akabiriwira kwambiri mpaka kuderako, ndiye kuti kuwala kwachepa, ndipo chomera chotero chimangokula masamba osachita maluwa. Akachita zipsera zofiirira, dzuwa lanyanya. Aerangis ndi wa mumthunzi, pamene pali chinyezi komanso mphepo ikudutsa. Mtengo womangirirapo uyenera kukhala wa khungwa lokhakhala ndi losasupuka. Bulugama sayenera, chifukwa amafundula makungwa ake n'kugwetsa chomera. Pomanga, luzi limaposa waya. Waya amadula, pamene luzi limagwira mpaka mizu itakakamira yokha, kenako limaola n'kuchokapo.

Chachitatu ndi chakudya. M'nkhalango maluwawa amadya zochepa: fumbi, zitosi za mbalame zosungunuka ndi mvula, ndi masamba oola. Timizu toloza kumwamba tija tinameta pa Ansellia ndi dengu lake lotolera masamba akugwa. Ife poti tikuchotsa uve, tinamuphwanyira mbale. Feteleza wa chimanga wowaza pamizu amaiwotcha. Ngati pafunika feteleza, akhale wosungunula m'madzi, gawo limodzi mwa magawo anayi a mlingo wolembedwa papaketi, ndiponso panthawi yokha imene nsonga za mizu zili zobiriwira, kusonyeza kuti chomera chikukula. Adani ake ndi nkhono, zimene zimadya nsonga za mizu ndi mphukira usiku, ndi tizilombo toyera ngati thonje tobisala kuseri kwa masamba. Nkhono mayi amazitola ndi tochi, tizilomboto amatipukuta ndi kansalu konyika m'madzi a sopo pang'ono.

Mwaona kuti pa zonsezi maso amagwira ntchito kuposa manja. Kale tikaona bambo ataima ola lathunthu manja ali kumbuyo, tinkati ndi ukalamba. Osadziwa kuti ntchito yeniyeni inali yomweyo. Aliyense wa ife amene anadyapo keke ya vanilla weniweni analawapo orchid, pakuti vanilla ndi chomera cha banja lomweli, chochokera ku Mexico. Chitabzalidwa kumayiko ena chinkachita maluwa koma osabereka, popeza tizilombo tonyamula mungu wake tinatsala kwawo. Mu 1841, pachilumba cha Réunion, mnyamata wa zaka 12 amene anali kapolo, dzina lake Edmond Albius, anapeza njira yofikitsira mungu pamalo pake pogwiritsa ntchito kamtengo kakang'ono ndi chala. Duwa la vanilla limatseguka tsiku limodzi lokha, ndipo mpaka lero alimi a ku Madagascar amayendera duwa lililonse ndi manja potsata njira ya mwana ameneyu. Iye analibe zipangizo. Anangoliyang'anitsitsa duwalo mpaka analimvetsa.

Tiyenera kuvomerezanso china. Si maluwa okha amene tinkawathira madzi mopitiriza. Miyezi imeneyo mayi tinkawaimbira foni katatu patsiku: mwadya, mwagona bwanji, mwamwa mankhwala, muli ndi ndani? Tinapempha azakhali kuti azigona nawo, msuweni kuti aziwaphikira, anansi kuti asamawasiye okha. Khasu tinawabisira, kuchigayo tinawaletsa. Munthu amene moyo wake wonse ankasamalira ena tinamusandutsa mbale yagalasi. Tsiku lina, titawaimbira kachitatu dzuwa lisanalowe, anaseka kwa nthawi yoyamba chimwalirireni bambo, n'kufunsa kuti, "Ana anga, inenso mukufuna mundimize ngati maluwa aja?"

Kuimba sitinasiye, koma tinasintha mafunso. Maluwa tinawabwezera m'manja mwawo, khasu lomwe. Tsopano tikaimba timati, "Amayi, cha m'chitini chija chili bwanji?" Iwo n'kuyankhula mphindi khumi osapuma, za mizu, za nkhono zitatu zimene agwira usiku, za mgolo umene wayamba kudontha. M'mawu amenewo timamva bwino mmene mtima wawo ulili kuposa mmene tinkamvera pofunsa ngati adya. Mu Epulo 2024 anatiimbira okha, m'mamawa tikukonzekera kupita m'kalasi, kudzatiuza kuti chomera cha mizu iwiri chija chatulutsa nsonga yatsopano yobiriwira, yaing'ono ngati njere ya mpunga. Aka kanali koyamba kutiimbira ndi nkhani yabwino.

Mu Sepitembala 2024 phata la pajakaranda linachita maluwa, ngakhale tinalimeta chaka chathacho. Linatulutsa mphukira zitatu zazitali zodzaza ndi maluwa achikasu, ooneka bwino kuchokera kumsewu, ndipo masana kukafunda pansi pa mtengowo pankamveka kafungo kotsekemera. Tinali kunyumba patchuthi chachifupi pamene galimoto ina inaima. Mwini wake anali wogulitsa maluwa mumzinda, ndipo anafuna kugula phata lonse. Ndalama zimene anatchula zikanatigulira mabuku n'kutilipiriranso thiransipoti semesita yonse, ndipo inali nthawi imene fizi inatigwira pakhosi. Anawonjeza kuti ngati tikudziwa kumene ena otere amamera m'nkhalango, tizikazula, iye azigula chomera chilichonse. Sitikunamizani, usiku umenewo tinawerengetsa ndalama mpaka tambala woyamba. Bambo anationetsapo malo awiri m'mphepete mwa mtsinje. Tikanatha kupita m'mawa n'kubwera ndi thumba lodzaza.

Chimene chinatigwira dzanja ndi phiri lathu lomwe. Akuluakulu amakamba za nkhalango yowirira imene inali paphiri la Thyolo, koma ife takula tikuona minda mpaka chakumwamba. Maluwa a m'mitengo amatha pamodzi ndi mitengo yake. Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya orchid yoposa 400, ndipo pafupifupi 200 imapezeka ku Nyika. Chiwerengerochi chikuoneka chachikulu, koma maluwawa akachoka pamalo sabwerera msanga. Njere zake n'zazing'ono ngati fumbi, zilibe chakudya choyambira moyo ngati mmene ilili njere ya nyemba, ndipo m'tchire sizimera pokhapokha zitakumana ndi bowa wina wosaoneka ndi maso amene amazidyetsa. Zikamera zimatenga zaka zingapo kuti zichite duwa loyamba. Mnzathu wa m'kalasi wochokera kumpoto anali atatiuzapo kuti chinaka, chimene ku Zambia amati chikanda, chimapangidwa kuchokera ku timbatata ta orchid za m'madambo tosinja n'kuphika ndi nsinjiro, ndipo kwawo okumba akumka napita kutali kuti atipeze. Banja lonse la orchid lili pamndandanda wa pangano la CITES, limene limayang'anira malonda a zomera ndi nyama zakutchire pakati pa mayiko. Bambo ankatola panthambi zopita pamoto. Kuzula pamtengo wamoyo ndi nkhani ina.

Ulendo uno tinafunsa mayi. "Phata silichoka," anatero, "ndipo kumtsinje simupita. Koma bambo anu ankagawa." Anatiuza kuti tidikire maluwa afote ndipo mphukira zatsopano ziyambe kutuluka m'munsi. Mu Novembala tinakwera pajakaranda ndi mpeni wowaula pamoto, n'kudula m'mphepete mwa phata zigawo ziwiri, chilichonse cha timapesi tinayi ndi mizu yake. Chigawo cha mapesi ochepa kuposa pamenepa chimachedwa kuchira. Pamabala tinapakapo ufa wa makala. Chigawo chimodzi tinagulitsa kwa munthu uja, pamtengo wocheperapo ndithu, ndipo semesita imeneyo mabuku ena tinachita kubwereka. Chinacho tinakapereka kwa agogo aja, amene anachimangirira pamtengo wa kuseri kwa nyumba yawo tsiku lomwelo. Phata lenileni lili pomwepo, ndipo dengu lake la timizu linameranso.

Anzathu amene mungafune kuyamba, njira yake ndi yomweyi. Pemphani chigawo kwa munthu amene ali nawo kale, kapena gulani kwa ochulukitsa maluwa, kapena pulumutsani chomera panthambi yakugwa. Yambani ndi chimodzi. Mfunseni wokupatsaniyo kumene chinali, dzuwa limene chinkalandira ndi nthawi imene chimachita maluwa. Simufunika munda kapena ndalama zambiri. Chikuni, luzi, makala ndi madzi a mvula n'zokwanira. Chovuta ndi chimodzi chokha, kuuletsa mkono pamene mtima ukufuna kuchitapo kanthu.

Zomera za Aerangis ndi zimene zinatidikiritsa. Chaka chonse cha 2024 sizinachite duwa ndi limodzi lomwe. Tikadandaula pafoni mayi ankangoti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mu Febuluwale 2025 anatiuza kuti pansi pa masamba a chomera chimodzi patuluka kamphukira kowonda kolendewera. Chinali chinzake cha chija tinapha, chachiwiri cha m'chipewa cha bambo, chimene mwamwayi sitinachimasule pachikuni. Bambo sanachione chikuchita maluwa. Mu Malichi, Lachisanu lina, tinakwera minibasi titangotuluka m'kalasi.

Tinafika cha m'ma 3 koloko masana. Pakamphukira paja panali maluwa asanu ndi awiri oyera ngati nyenyezi, lililonse lili ndi kamchira kowonda kumbuyo kwake, kotalika ngati chala. Tinaika mphuno, wina pambuyo pa mnzake. Palibe chimene tinamva. Tinayamba kuganiza kuti mwina feteleza uja anawononga china chake, kapena kuti fungo limene tinkalikumbukira tili ana linali longoganizira. Mayi anatiyang'ana ali ndi lichero m'manja. "Mwayambanso kufulumira," anatero. "Dikirani dzuwa lilowe."

Iwo ankadziwa zimene ife tinadzawerenga pambuyo pake, kuti fungo la duwa silikonzedwera ife. Ndi mawu oitanira tizilombo tonyamula mungu. Cattleya ndi Ansellia amanunkhira masana, pamene njuchi ndi tizilombo tina ta masana tikuuluka. Aerangis amadikira agulugufe a usiku, aja a thupi lonenepa ndi mapiko osongoka. N'chifukwa chake duwa lake ndi loyera, kuti lioneke mumdima, ndipo silitaya fungo masana pamene woitanidwayo ali mtulo. Timadzi totsekemera timakhala kunsonga kwa kamchira kaja, ndipo amene angatifikire ndi gulugufe wa lilime lalitali yekha. Ku Madagascar kuli duwa la banja lomweli, Angraecum sesquipedale, limene kamchira kake kamafika pafupifupi masentimita 30. Charles Darwin ataliona mu 1862 ananena kuti pachilumbapo payenera kukhala gulugufe wa lilime lotalika chomwecho, ndipo gulugufe woteroyo anadzadziwika mu 1903. Choncho amene mukufuna kumva fungoli, maluwa a usiku muziwaika pafupi ndi pamene mumakhala madzulo, pakhonde kapena pazenera la kuchipinda, ndipo musawathyole. Pachomera pake amakhala masiku ambiri.

Dzuwa linalowa, tinalandira Sabata, n'kukhala pakhonde tonse atatu. Magetsi anali atathima, ndipo mayi anakana kuyatsa kandulo. Cha m'ma 7 koloko linayamba pang'onopang'ono, ngati munthu wonunkhira sopo wadutsa kuseri kwa nyumba. Patapita kanthawi khonde lonse linadzaza. Linali fungo lomwe lija la tili ana, la madzulo amene bambo ankakhala pampando wandalema akusenda nzimbe, ife tikulimbirana mfundo yotsekemera. Palibe anayankhula. Mmodzi wa ife analira, sitinena kuti ndani.

Kenako tinamva kulira kwa mapiko, ngati kwa injini yaing'ono. Gulugufe wamkulu anabwera kuchokera kumango, n'kuima m'malere pamaso pa duwa loyamba osatera. Anapita pa lachiwiri, pa lachitatu, n'kuzimiririka mumdima. "Bambo anu ankamudikira ameneyu chaka chilichonse," mayi anatero. "Ankati maluwawo ndi ake, ife timangonunkhiza nawo."

Lamlungu m'mawa, tisananyamuke kubwerera kukoleji kuno, mmodzi wa ife anatenga kheni n'kuidzaza pamgolo, mwachizolowezi basi. Mayi anali kukhitchini, koma anamva kulira kwa madzi.

"Mwayang'ana mizu?"

Tinapita kukayang'ana. Inali yobiriwira ndi mame a usiku. Madziwo tinakathira m'bedi la mpiru, n'kunyamula zikwama zathu.